Chithunzi cha pa Mpando wa Mkwati

2004: Songani

Amene anayamba kundibweretsera nkhani ya ntchitoyi anali Mayi Nachisale, aja tinkaimba nawo kwaya, omwe pano anatsogola kwa Ambuye. Linali Lachinayi, tikuchokera ku mapemphero a amayi, ndipo titangowoloka mtsinje wa Domasi anandikoka chitenje kuti anzathu atipitirire. "Inu a make Lyson," anatero, "Che Maulidi aja a situdiyo ya zithunzi pa Songani akufuna munthu wosesa ndi kulandira makasitomala. Akuti mtsikana ayi, atsikana amangotha tsiku pagalasi. Mawa mukalawire." Ine ndinaseka, ndinati wa Sitandade 7 ngati ine ndikatani pakati pa makamera. Iwo anati, "Tsache linayamba liti kufunsa satifiketi?" Ana anga, ndikulemba izi kuti mudziwe kumene kunkachokera sopo ndi mayunifolomu anu zaka zonse zija, pakuti nthawi imeneyo ukalipentala wa bambo anu, a Matiki, unkayenda mwezi uno, mwezi wamawa zii.

Che Maulidi anali Msilamu wamtali, wosachulutsa mawu. Za sukulu sanandifunse. Anatulutsa zithunzi za ukwati wina, nazimwaza patebulo, nati, "Mama, tandipatulireni a kuchimuna uku, a kuchikazi uku." Anthuwo sindinkadziwapo ndi mmodzi yemwe. Ndinangoyang'ana makutu, zipumi ndi kakhalidwe ka mano, n'kuwaika m'magulu awiri. Atayang'ana anati ndalakwitsa mmodzi yekha, koma ameneyo ngakhale eni ake amamukayikira. Iwo anaseka, ine ndinachita manyazi, ntchito ndinayamba tsiku lomwelo. Tinapangana kuti Lachisanu masana iwo akapita ku mzikiti ine ndizisunga shopu, ndipo Lachinayi masana ndi Lamulungu azindimasula. Pangano limeneli sanaliphwanyepo mpaka ndinapuma ntchito.

Imeneyo inali nthawi ya filimu. A Chikopa, wojambula wathu, bambo wonenepa wokonda nthabwala, ankapalasa njinga kupita m'maukwati ndi m'masukulu, filimu ikadzadza n'kuitumiza ku Blantyre kukatsukitsa. Munthu ankadikira sabata, mwina ziwiri, kenaka chithunzi n'kubwera maso ali otsinzina kapena mutu utadulidwa pamwamba. Wolandira mkwiyo wonsewo ndinali ine wa pakhomo. Ndinaphunzira kupepesa m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe.

2006 mpaka 2009: Kompyuta

Tsiku lina Che Maulidi anatsika minibasi kuchokera ku Limbe ndi makatoni atatu: kamera yopanda filimu, kompyuta yogula kwa munthu, ndi pulinta. M'kompyutamo munali pulogalamu yokonzera zithunzi. A Chikopa anakaiphunzira kwa mnzawo m'tauni, koma mpata wokhala pansi analibe, chifukwa Loweruka lililonse kunali ukwati ndipo pakati pa sabata kunali masukulu. Zithunzi zinkangodzadzana m'memori khadi, eni ake akubwera kudzafunsa. Ine posesa ndinkazengereza kumbuyo kwa mpando wawo, maso ali pa sikirini. Mpaka tsiku lina anatembenuka nati, "A make Lyson, malo amenewo mwawasesa kokwana, simenti itha. Khalani apa." Ndinakana, ndinati ndiononga chinthu cha eni. Anati, "Ichi si mbale ya dothi. Mukalakwitsa mudina apa, chibwerera mmene chinalili." Mausi ija yolozera pa sikirini ndinkainyamula m'mwamba ngati ndikuloza munthu, iwo n'kumaseka mpaka misozi. Koma patapita miyezi ingapo anasiya kundiseka, anayamba kungondiponyera memori khadi ali panjinga pomwepo.

Ndikuuzeni ntchitoyo mmene inalili, chifukwa ena a inu mumaganiza kuti ndinkangosewera. Kamera ikaona diresi loyera la mkwatibwi imachita mantha ndi kuwalako, ndiye nkhope zonse zimatuluka zakuda bii, kungooneka mano. Ntchito yanga yoyamba inali kubwezera kuwala pankhope zimenezo osapsereza diresi. Kenaka kuchotsa kunyezimira kwa thukuta pachipumi, kufiira kwa maso kobwera ndi fulashi, ntchentche patsaya la mwana, nkhuku yodutsa pa mapazi a abusa, chidakwa chosuzumira kumbuyo kwa akwati. Chiphuphu umachichotsa potenga khungu labwino la pafupi n'kuliphimbira pamenepo, pang'onopang'ono, ngati mmene umazirira nyumba ndi dothi la pomwepo kuti pasaoneke chigamba. Chithunzi chopendekeka umachiwongola, cha m'mbali chosafunika umadula. A Chikopa anandipatsa lamulo limodzi lokha, lakuti chithunzi chochokera m'kamera, chimene tinkachitcha chachiwisi, chizisungidwa pachokha, ndipo ndizigwira ntchito pa chinzake chokopera.

Ndiye panali masuti. M'kompyuta mathu munali masuti atatu opanda mitu: yakuda, yotuwa, ndi yabuluu ya tayi wofiira. Bambo akabwera ndi malaya ong'ambika kolala koma akufuna chithunzi chofunsira ntchito, ndinkadula mutu wake bwinobwino m'mbali mwa makutu n'kuukhazika m'suti. Amasiye ankabwera ndi chithunzi cha malemu ali kumunda, n'kupempha kuti pa pulogalamu ya maliro kapena ya chiliza aoneke mwaulemu. Yotuwa ija ndiyo inkakondedwa. Ndinkati ndikalowa m'nyumba za anthu ku Domasi, pakhoma n'kupeza suti yomweyo, tayi yemweyo, mitu yokha yosiyana. Aliyense ankadziwa kuti ndi suti ya pa situdiyo. Bambo wina wa ku Naisi anachita kunena kuti, "Mundiveke ija munawaveka achimwene anga, tisasiyane." Palibe amene ankanamizidwa, ndipo mtima wanga sunkanditsutsa.

2010 mpaka 2012: Zomba

Che Maulidi atatsegula shopu ina m'tauni ya Zomba ananditumiza kumeneko, pansi pa mphwawo, a Idrissa. Amenewa anali bwana wa phuma. Ankaima kumbuyo kwanga n'kumagogoda mpando ndi kiyi, akuti, "Mama, changu, changu, kasitomala si m'bale wanu." Ankafunanso kuti aliyense ndizimuyeretsa khungu, ati ndi zimene anthu a m'tauni amafuna. Ena ankafunadi, ndipo wopempha ndinkamuchitira. Koma wosapempha ndinkamusiya ndi khungu limene Mulungu anamupatsa, ndipo pa ichi tinkakangana kawirikawiri. Tsiku lina iwo eni anayeretsa chithunzi cha namwino wina, mayi wakuda bwino. Mayiyo atachiona anachibweza patebulo nati, "Ameneyu mukampatse mwini wake, ine ndikufuna changa." Kuyambira pamenepo a Idrissa anayamba kufunsa kaye. Sanali munthu woipa. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kusikana zithunzi zakale kuti zilowe m'kompyuta, ndi kulemba mawu pa makhadi a ukwati, ndipo mwana wanga Esnart atadwala malungo aakulu aja, ndi galimoto yawo imene inamuthamangitsira kuchipatala.

Zaka zimenezo ndi zija mafuta a galimoto ankasowa. Minibasi zinali zochepa, ndipo masiku ena ndinkatsikira pa Naisi n'kumaliza ndi miyendo. Magetsi akathima, jenereta inalibe petulo, ndiye tinkangokhala, makasitomala ali pabenchi, ife tili pabenchi, tonse tikuyang'ana babu. Inki nayo inkavuta. Nthawi ina yachikasu inatha m'tauni monse, zithunzi n'kumatuluka anthu ali ofiirira ngati mabiringanya. Tinayesa inki yotchipa ya m'mabotolo, inatseka pulinta sabata yathunthu. Ndinaphunzira kukonza zithunzi zambiri msanga magetsi akangoyaka, ndi kuseva kawirikawiri, chifukwa kangapo konse ntchito ya m'mawa wonse inapita ndi magetsi ndisanaseve. Pa zonsezi Mulungu anatisunga, simunagone ndi njala.

2013: Malosa

Shopu yachitatu inatsegulidwa ku Malosa, pafupi ndi msewu wa ku Liwonde, ndipo Che Maulidi anati, "Mama, kumeneko mukakhale inu bwana." A Chikopa anasamukira komweko kuti azijambula, ine ndizikonza ndi kutsuka. Kumeneko ndi kumene ndinasangalala koposa. Kunali kufupi ndi kwathu, ndinkapita pa kabaza. Nyengo yolembetsa mayeso ana a sukulu ankadzadza pakhonde, aliyense akunong'ona kuti, "Amayi, ziphuphuzi muzione." Koma ntchito imene ndinkaikonda inali ya zithunzi zakale, zodyedwa ndi chiswe kapena zonyowa ndi mvula ya denga lodontha. Mayi wina wachikulire anabwera ndi chithunzi chokhacho cha mwana wake amene anamwalira ali mtsikana, chitang'ambika pakati pa nkhope. Ndinachilumikiza masiku angapo, diso lowonongekalo ndikulikonza poyang'anira linzake. Atachilandira anakhala pansi pa simenti n'kuchiika pamiyendo. Ine ndinapita kuseri kukathokoza Mulungu kuti anandipatsa ntchito yotere, ine wa tsache.

2016: Chithunzi cha Lyson

Lyson, mwana wanga woyamba, anapita ku Joni mu 2014 kukafuna ntchito, monga amachitira anyamata ambiri a kuno. Kuno anasiya chibwenzi chake, Felista, mtsikana wa ku Naisi wosoka zovala, wa banja la Chikatolika. Zaka ziwiri zitatha, amalume ake a Felista, a Namakhwa, anatumiza mawu kwa achimwene anga a Wyson, amene anali nkhoswe ya Lyson, kuti mwana wawo sangamangodikira mpaka kalekale. Chinkhoswe chichitike chaka chomwecho, apo ayi mtsikanayo amasulidwe. Lyson anati sangathe kubwera, ntchito siikumulola. Ndiye ankhoswe a mbali zonse anagwirizana kuchita zimene mabanja ena a anyamata a ku Joni amachita: chinkhoswe chichitike mwini wake kulibe, chithunzi chake chachikulu cha m'felemu chikhale pa mpando wa mkwati, ankhoswe asinthane tambala ndi msoti monga mwa mwambo. A Namakhwa anangoti chithunzicho chikhale chatsopano, aone mmene mkamwini wawo akukhalira kumeneko.

Chithunzicho Lyson ananditumizira pa foni, ndi mawu akuti ndimuveke suti, ndichotse malata a kumbuyo kwake, ndiikepo nyumba yabwino ndi galimoto. Pa foni chinkaoneka bwinobwino, mnyamata ataima, akumwetulira. Koma ntchito yathu ili ndi chizolowezi chimodzi: usanakhudze chilichonse umayamba wachikulitsa chithunzi pa sikirini n'kuchiyendera chonse, kuti uone pofunika kukonza. Nditakulitsa nkhope ndinaona zilonda m'mbali mwa milomo. Masaya anali atalowa. Ndinatsikira pakhosi, mafupa ali poyera, kolala ikulendewera. Ndinatsikira m'chiuno, ndipo lamba wake anali ndi mabowo atsopano oboola ndi msomali, mchira wa lambayo utazungulira mpaka kumbuyo. Pansi, kuseri kwa miyendo yake, panali makatoni oyala ndi bulangete limodzi. Ndinasiya mausi.

Ndinamuimbira masana omwewo. "Amayi, mwachilandira?" anafunsa. Ndinati, "Ndachilandira. Koma iwe, ukudya kumeneko?" Anati, "Ndikudya, amayi. Ndi kamera ya foniyi, imawondetsa anthu." Ndinati, "Za kamera usandiuze ine. Kamera ndi imene yaboola lamba wakoyo?" Anatsokomola, chifuwa chochokera pansi, chotenga nthawi. Atapuma anati ntchito inatha kalekale, akungogwira maganyu, koma zinthu zisintha posachedwa. "A Namakhwa ali ndi munthu wina m'maganizo, wa golosale pa Naisi pomwepo. Akandiona chonchi, basi, Felista wapita. Mungondikonza kamodzi kokhaka. Mwakonza anthu a chigwa chonse cha Domasi, ine mwana wanu mundikanize?" Ndinamupempha kuti abwere kunyumba. Anati sangabwere chimanjamanja kudzasekedwa.

A Wyson nditawauza, anati, "Achemwali, mwanayo akunena zoona. Anthu a ku Naisi aja ndi onyada. Timange kaye chinkhoswechi, za matenda tiziona pambuyo. Si ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku imeneyi?" Bambo anu nditawafunsa anayamba ndi kuzemba, ati iwo ndi mkamwini chabe, nkhani ya mwana ili m'manja mwa amalume ake. Koma ndikutuluka anati, "A make Lyson, ine thabwa lofumbwa sindilipaka vanishi. Koma inu ndi amene mukudziwa."

Ndisakunamizeni, chithunzicho ndinachikonza. Ndinati ndione kaye. Zilonda ndinaziphimba ndi khungu la pachibwano, masaya ndinawadzadza pang'ono, maso ndinawayeretsa. Ndinamuveka suti yakuda, ndinachotsa malata ndi makatoni, ndinaika khoma la nyumba ya maluwa ndi galimoto yoyera, ndi mthunzi pansi pa nsapato kuti asaoneke ngati akuyandama. Pa zaka zanga zonse sindinakonzepo chithunzi chokongola ngati chimenecho. Anali Lyson amene ndinkamupempherera m'mawa uliwonse. Che Maulidi anafika tsiku lomwelo kudzasiya mapepala a pulinta, anayang'ana nati, "Ntchito yabwino, mama. Bwana ameneyu ndi wa kuti?" Ndinati ndi Lyson. Anayandikira pa sikirini, ndipo ndinawaonetsanso chachiwisi chija. Atachiona anati, "Pepala ndi langa, inki ndi yanga, koma mwana ndi wanu. Chimene mutsuke ine sindikufunsani."

Masiku otsatira ndinkatsegula zithunzi ziwirizo pamodzi, china uku china uku, n'kumapemphera chamumtima makasitomala akudikira. Suti ya malemu siinamiza munthu, chifukwa palibe amene amamanga moyo wake pa iyo. Koma apa mwana wa eni ankati avomere banja poyang'ana galimoto imene ine ndinaitenga m'kompyuta. Ndipo chinandiopsa kwambiri ndi ichi: chithunzi chokongolacho chikakhala pa mpando pamaso pa mudzi wonse wa Felista, Lyson sakanabweranso kunyumba mpaka atafanana nacho. Akanakhala komweko pa makatoni, akutsokomola, kudikira galimoto yoyera. Koma ndikakana, mwina ataya mkazi amene ankamukonda, n'kundida ine moyo wake wonse.

Ndinachita chinthu chosayenera pa mwambo wathu. Mayi wa mnyamata sayitana mtsikana payekha nkhani ili m'manja mwa ankhoswe. Koma ndinatumiza mawu kwa Felista kuti adzandione ku shopu. Anabwera Lachitatu, atavala mwaulemu, nagwada pakhomo. Ndinamukhazika pa mpando wanga, ndinati, "Mwana wanga, pali zithunzi ziwiri za Lyson. Ichi ndakonza ine. Ichi ndi mmene chinabwerera. Ndati uzione iwe woyamba." Chokongolacho anachiyang'ana pang'ono n'kumwetulira. Chinacho anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Amayi, takulitsani pamapewapo." Nditakulitsa anagwira pakamwa. "Shati iyi ndinamusokera ine akupita. Inkamuthina m'mapewa, tinachita kukangana." Analira mwakachetechete, ine ndinatseka chitseko cha shopu kuti anthu asamuone.

Atapukuta misozi anati, "Nditsukireni chenichenicho." Ndinati, "Amalume ako akachiona aimitsa chinkhoswe, ukudziwa?" Anati, "Aimitse. Wa galimotoyo ndi wokongola, amayi, koma ine sindikumudziwa. Nanga ndikavomera iyeyo, wodwalayu amusamala ndani?" Ndinatsuka chachiwisicho osakhudza kalikonse, ngakhale kuwala. Anachikulunga m'chitenje napita.

A Namakhwa anaimitsadi chinkhoswe. Anatumiza mawu akuti sakwatitsa mwana wawo kwa felemu, mnyamatayo abwere amuone ndi maso, ndipo sadikira kupyola nyengo yokolola. A Wyson anafika kunyumba atakwiya. "Achemwali, ukwati umayenda ndi ankhoswe, osati pa kompyuta. Mwandiyalutsa pamaso pa anthu a ku Naisi. Ndioneka ngati ndimafuna kuwanamiza." Sindinawayankhe kuti n'zimene tinkafuna kuchitadi. Pa za mwambo ankanena zoona, ndipo ndinakawapepesa ndi nkhuku, ngakhale anatha miyezi osaponda pakhomo panga. Lyson anangolemba pa foni kuti, "Zikomo amayi, mwandithera," basi foni yake inasiya kundiyankha. Wa golosale uja anayambadi kutumiza anthu kwa a Namakhwa. Miyezi imeneyo ndinkakonza nkhope za ana a eni m'maso muli misozi, ndipo Lachinayi lililonse amayi anzanga ankandigwira manja n'kupempherera mwana amene sankafuna kumva mawu anga.

Amene sanatope anali Felista. Lyson akapanda kuyankha, iye ankaimbira mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Zimene ankakambirana sindikuzidziwa, ndipo sindinafunsepo. Ndimangodziwa kuti mvula yoyamba itagwa, Felista anafika ku shopu nati, "Amayi, akwera basi Lolemba." Tinakamulandira pa Songani ine ndi bambo anu. Anatsika ndi kachikwama kamodzi, ndipo anali woonda kuposa pa chithunzi paja. Sanandiyang'ane kumaso. Ndinamugwira dzanja, linali lotentha. Kuchipatala anapeza chifuwa chachikulu, ndipo adokotala anati tachita bwino kubwera naye nthawi imeneyo. Anamwa mankhwala miyezi yambiri, Felista akubwera ndi phala Loweruka lililonse, a Namakhwa akung'ung'udza koma osamuletsa.

2017 mpaka lero

Chinkhoswe chinachitika chaka chotsatira, titakolola. Pa mpando wa mkwati panakhala Lyson mwini wake, masaya atayamba kubwerera. A Namakhwa polandira tambala anati, "Koma mkamwini ameneyu timupatsa munda wa kufupi, wa kuphiri sangafikeko," anthu n'kuseka, Lyson nayenso n'kuseka. A Wyson anayendetsa mwambo wonse bwino lomwe, ndipo madzulo ake anadya kwathu.

Musaganize kuti Lyson anabwera kudzandithokoza. Mpaka lero sananenepo kuti ndinachita bwino. Nthawi ina zinthu zitamuvuta anandiuza kuti, "Mukanangotsuka chija, amayi, bwenzi pano ndili ndi nyumba ku Joni." Sindinatsutsane naye. Mwina akukhulupiriradi choncho. Ine ndimangomuona akudya, ndi kuyamika.

Ndinapuma ntchito mu 2022 chifukwa cha maso. Sikirini inayamba kundichititsa chifunga, ndipo ndinkalephera kuona m'mbali mwa tsitsi podula. Ntchito nayonso inali itachepa, popeza masiku ano aliyense amadzikonza yekha pa foni, mpaka kudzichotsa mphuno. Che Maulidi, atakalamba ndithu, anabwera okha kunyumba kudzanditsanzika, ndi nsalu ndi thumba la mpunga. Anakhala pakhonde ndi bambo anu mpaka dzuwa kupendeka, akukambirana za mitengo ya matabwa. A Chikopa akadali pa Malosa, njinga anasintha, pano ndi yamoto. Ine ndimalima dimba langa m'mbali mwa mtsinje, ndimalera zidzukulu, ndipo Lachinayi sindijomba. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti Ambuye anandikomera mtima koposa mmene ndinapemphera.

Lyson ndi Felista ali ku Naisi ndi ana awiri. Iye amawotcherera zitseko ndi mawindo pa Songani, mkazi wake akusokabe. Chifuwa chija chinapola koma chinasiya chipsera, moti mwezi wa June ukafika, mphepo ikamatsika m'phiri, amatsokomola ndithu. Chaka chino ntchito yachepa, zitsulo zakwera mtengo, ndipo Felista wandinong'oneza kuti anzake a Lyson a ku Joni ayambanso kumuimbira. Ine pano ndilibe mawu pa nkhaniyi, ndi bambo wa pakhomo pake. Choncho inu ana anga, ndi inu nonse amene mapepalawa adzakufikani, mukamagwada muzitikumbukira ife a banja la a Matiki. Mukumbukire bambo anu amene msana wayamba kuwavuta, mukumbukire Felista ndi ana. Ndipo Lyson mumutchule dzina, kuti ntchito ipezeke konkuno, basi ya ku Joni ikamadutsa pa Songani izimusiya ali pa ntchito yake.